Pemphero lokha silikwanira, mwana amafunanso womumvetsera

Pa 23 Marichi 2020, tsiku lomwe boma linatseka sukulu zonse chifukwa cha mliri wa Covid-19, ine ndinali mu Fomu 3 pa sekondale ina ya mishoni yogonera komweko. Tinalongedza zikwama tikuseka, poganiza kuti ndi holide ya masabata awiri basi. Tinabwerera mu Okutobala, miyezi yoposa isanu ndi umodzi itadutsa. Mu Januwale 2021 anatsekanso.

Titabwerera, mabedi ena mu hositelo anali opanda eni ake. Wina anakwatiwa, wina anali ndi pakati, wina makolo ake anasowa fizi bizinesi itagwa. Palibe amene anatiuza kanthu za iwowa. Mayina awo anangosiya kuitanidwa m'kalasi.

Mnzanga wina, yemwe sindimutchula dzina, anataya bambo ake pa nthawi ija matendawa anavuta kwambiri, mu Januwale 2021. Maliro ake anachitika mothamanga, anthu ochepa, osagona pa siwa. Atabwerera kusukulu anasiya kuimba kwaya, ankangotola nsima pang'ono n'kuisiya, ndipo usiku ankalira atadzifunditsa bulangete. Tinakauza aphunzitsi ena. Yankho lawo linali lakuti, “Mumupempherere, alimba mtima.” Tinapemphera ndithu. Koma panalibe munthu wamkulu ngakhale mmodzi amene anakhala naye pansi n'kumufunsa kuti, “Mwanawe, zikukuvuta ndi chiyani?” Teremu yotsatira sanabwerenso.

Musandimve molakwa aise, ine ndine Mkhristu ndipo mapemphero a m'mawa pasukulu ija ndi omwe anandilimbitsa. Komanso aphunzitsi athu sindikuwada. Iwonso anali ndi maliro kwawo, ndipo silabasi inali itatsalira kutali. Mukumbukire kuti mayeso a MSCE a 2020 anabedwa, n'kulembedwanso mu Januwale 2021. Aliyense mtima unali pa mayeso. Ndiye zomwe zinkatigwirizanitsa ndi zomwe zinayamba kudulidwa: mpira wa Loweruka, sewero, misonkhano ya SCOM ndi YCS, tsiku loti makolo abwere kudzationa. Poyamba chifukwa chinali mliri. Mliri utachepa, chifukwa chinakhala “kuthamangitsa silabasi”.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti tinalakwitsa. Pa sukulu yogonera foni ndi yoletsedwa. Mwana alibe WhatsApp yoti alankhule ndi amayi ake zikamuthina. Banja lake ndi anzake a mu hositelo, kwaya, timu ya mpira. Mukachotsa zimenezi, mwamusiya yekha ndi makope, ndiye mudabwa bwanji akamagona m'kalasi kapena kupsa mtima ndi zazing'ono?

Ena anganene kuti Covid inatha kalekale, bwanji kufukula zakale? Mng'ono wanga ali pa sukulu ya mishoni pano. Iye mliri unamupeza ali ku pulayimale, kenako mu 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi Lilongwe, namondwe wa Freddy n'kubweranso mu Marichi. Ana awa akula sukulu ikungotsekedwa ndi kutsegulidwa. Akandiuza za anzake ena, ndimangoona mnzanga uja.

Zomwe ndikupempha si zodula. Sukulu iliyonse ya mpingo ikhale ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri, wamwamuna ndi wamkazi, ophunzitsidwa uphungu, omwe mwana angawafotokozere nkhani popanda kuopa kuti mawa imveka pa asembule. Abusa ndi ansembe oyang'anira sukuluzi azinena poyera kuti kuvutika maganizo si kuchepa chikhulupiriro, ndi vuto lomwe lili ndi thandizo, monga momwe malungo alili ndi mankhwala. Chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi cha mpingo, ndipo ntchito yake ndi yomweyi. Nambala ya ulere ya 116 yothandiza ana imatidwe pakhoma la hositelo, ndipo matroni azilola mwana kuyimba. Mtsikana amene wabereka n'kubwerera kusukulu, monga momwe ndondomeko ya Unduna wa Maphunziro imalolera, asasandutsidwe chitsanzo cha tchimo mu ulaliki. Ndipo mpira ndi kwaya zisamaonedwe ngati kutaya nthawi.

Kwa ife amene tinamaliza, tili m'magulu a WhatsApp a ophunzira akale momwe timasonkha ndalama za penti ndi matebulo. Bwanji osasonkhako zoti mphunzitsi mmodzi akaphunzire uphungu? Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipo iwe amene ukadali pasukulu, ukuwerenga izi pa holide, teremu ikatsegulidwa uyang'ane bwino mu hositelo mwako. Ukaona wina wayamba kudya yekha, kapena wasiya zomwe ankazikonda, usadikire Lamlungu. Pita ukakhale naye pa bedi, umufunse, kenako ukauze munthu wamkulu amene umamukhulupirira. Ife tinachedwa, ndipo mpaka lero sindidziwa komwe mnzanga uja ali.