Otuluka m'chipatala atadwala Covid-19 ndi fuluwenza akhoza kuvutikabe kwa miyezi yambiri

Pa nthawi ya mliri wa Covid-19, malipoti a tsiku ndi tsiku ochokera ku unduna wa za umoyo ankatchula chiwerengero cha odwala, omwalira ndi ochira. Munthu akalowa m'gulu la ochira, nkhani yake inkathera pomwepo. Koma kafukufuku yemwe wachitika m'zaka zotsatira waonetsa kuti ambiri mwa iwo amene anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a mavairasi ogwira mapapo amapita kwawo ndi mavuto amene sathera pa chipata cha chipatala.

Dziko la Malawi linalengeza odwala Covid-19 oyamba pa 2 Epulo 2020, ndipo mliriwu unafika poipa mu Januwale 2021 pomwe nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Mabedi atachepa, boma linatsegula malo ogonekako odwala pa bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe. Omwe anapulumuka atakhala masiku ambiri pa mpweya wa okosijeni anabwerera ku ntchito, ena m'maofesi a boma momwemu.

Mu Okotobala 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linafotokoza vutoli kuti ndi zizindikiro zomwe zimakhalapo patatha miyezi itatu munthu atayamba kudwala, zimatenga miyezi yosachepera iwiri, ndipo palibe matenda ena ozifotokoza. Zodziwika kwambiri ndi kutopa kosatha, phuma ndi kuiwalaiwala.

Izi si zachilendo kwa madokotala. Ku Hong Kong, kafukufuku wa mchaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 40 mwa 100 aliwonse omwe anapulumuka ku matenda a SARS a mu 2003 ankadandaulabe kutopa patatha zaka pafupifupi zinayi.

Chomwe chinasintha kaganizidwe ndi kafukufuku wa Dr. Ziyad Al-Aly ndi anzake ku St. Louis m'dziko la America, yemwe anatuluka mu Disembala 2023. Iwo anatsatira kwa miyezi 18 anthu 81,280 omwe anagonekedwa ndi Covid-19 komanso 10,985 omwe anagonekedwa ndi chimfine chachikulu cha fuluwenza. M'magulu onse awiri, gawo lalikulu la imfa ndi kuonongeka kwa thanzi linachitika patadutsa masiku 30 oyambirira, nthawi yomwe odwala ambiri amakhala atatulutsidwa kale. Covid-19 inaononga ziwalo zambiri, monga mtima, impso ndi ubongo, pomwe fuluwenza inasiya chipsera chachikulu m'mapapo. Nthenda yomwe anthu ambiri amangoiona ngati chimfine cha nyengo yozizira nayonso ili ndi zotsalira zake.

Nkofunika kunena kuti ofufuzidwawo ambiri anali abambo achikulire omwe anagwirapo ntchito ya usilikali, choncho ziwerengerozi sizingangotengedwa momwe zilili nkugwiritsidwa ntchito pa Amalawi, omwe ambiri ndi achinyamata. Komabe kuno kuli zolemetsa zina: chifuwa chachikulu cha TB, kachilombo ka HIV ndi utsi wa nkhuni ndi makala, zonse zomwe zimafooketsa mapapo munthu asanakumane n'komwe ndi vairasi.

Apa ndi pomwe pali vuto kwa ogwira ntchito za umoyo. Munthu wotsokomola, wopuma movutikira ndiponso wofooka amayenera kuyezedwa TB, ndipo n'koyenera kutero. Koma zotsatira zikaonetsa kuti alibe, kawirikawiri amapatsidwa mankhwala opha ululu nkubwerera kwawo. Ngati m'buku lake la kuchipatala simunalembedwe kuti anagonekedwapo ndi chibayo cha vairasi, dokotala wa pa chipatala chaching'ono alibe poyambira. Kulemba bwino m'bukumo, kupereka tsiku loti wodwala adzaonedwenso patatha miyezi itatu, komanso kumuyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi pa tsikulo, n'zinthu zosafuna makina atsopano. Alangizi a za umoyo m'midzi akhoza kulondola amene sanabwere.

Nkhaniyi ikukhudzanso akuluakulu oyang'anira antchito m'maunduna ndi m'makhonsolo. Wantchito amene akulephera kukwera masitepe ku Capital Hill kapena kutsatira zokambirana za msonkhano wautali amaoneka wathanzi, ndipo n'kosavuta kumuganizira ulesi. Achipatala amalangiza kuti wotere azibwerera ku ntchito pang'onopang'ono, poti kudzikakamiza kumabwezeretsa kutopa mwa odwala ena.

Bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi pa dziko lonse. Ndalama za mliri zimatha mliri ukatha, kutanthauza kuti chisamaliro cha odwala otere chikuyenera kupeza malo mu bajeti ya nthawi zonse ya maofesi a za umoyo m'maboma, pamodzi ndi makiliniki a shuga, mphumu ndi matenda a mtima.