Zinyalala za pa Lizulu Tisamazitaye

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa zomwe ndimaona pa msika wa Lizulu. Masamba a kabichi ndi tomato wophwanyika zimangowolera m'mbali mwa msewu, chonsecho chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu 2023, fetereza tikumuonera patali.

Ine ndimatuta zinyalalazi pa ngolo, anyamata nkumandiseka kuti aphunzitsi apenga. Masamba abwinoko ndimapatsa nkhumba. Otsalawo ndimayala m'dzenje mosinthanitsa ndi ndowe, phulusa ndi mapesi, nkumathirira madzi. Pakatha miyezi itatu amakhala manyowa akuda bii. Koma mitengo ya tomato yodwala musaikemo, otchani.

Abusa, inu amene anthu amakumverani Lamulungu, bwanji mipingo osakumba maenje otere pafupi ndi msika mvula isanagwe?

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.