Boma limadula zake, nanga inu mumadzidulira zingati?

Chaka changa choyamba pa ntchito, malipiro ankalowa pa 25, koma pofika pa 10 mwezi wotsatira n'kuti ndayamba kale kupapasa m'matumba kufuna ya minibasi. Ndinkalemba nkhani zotsatsa malonda pa kampani ina mu Blantyre, ndikukhala ku Chirimba. Lendi, mayunitsi a magetsi, bandulo, chiwaya cha masana ndi anzanga, kenako foni yochokera kumudzi: fizi ya mng'ono wanga, feteleza wa amayi. Zonsezi zinali zofunika. Koma pa mndandanda wonsewo panalibe ngakhale tambala yoti indithandize kukula pa ntchito yomwe inkabweretsa ndalamazo.

Ndinazindikira izi pamene pa ofesi panatuluka udindo watsopano. Ankafuna munthu wodziwa kulemba, komanso wotha kusanthula manambala a malonda mu Excel n'kupanga lipoti la pamwezi. Digiri ndinali nayo, koma atandifunsa za pivot table ndinangoti kakasi. Udindowo anaupereka kwa mnzanga amene tinayamba naye ntchito sabata imodzi. Iye Loweruka lililonse ankakhala akuphunzira, ine ndikumaliza bandulo pa TikTok.

Mwezi womwewo ndinali pa ngongole ya katapila. Mayi wina wa ku akaunti, amene wakhala pa kampanipo zaka zambiri, anandiona ndikubisala wokongozayo atafika pa geti. Sanandiseke. Anangoti, "Mwana wanga, mawa ubwere ndi payslip yako."

Mawa lake anandilozera mizere iwiri yomwe ndinali ndisanaiwerengepo bwinobwino. Woyamba unali PAYE, msonkho wopita ku MRA. Wachiwiri unali penshoni: 5 peresenti yochoka kwa ine, pomwe abwana amaonjezerapo 10 peresenti monga lamulo la penshoni limanenera.

"Unayamba walepherapo kulipira ziwirizi?" anandifunsa.

"Ayi amayi, zimangodulidwa ndisanazione."

"Ndiye iweyo ukudikira chiyani? Udzidule wekha usanaione."

Kuyambira pamenepo, tsiku lomwe malipiro alowa ndimachotsa K1 pa K10 iliyonse ya ndalama yomwe ndalandira m'manja, n'kuitumiza ku akaunti ina imene khadi lake ndimalisiya kunyumba. Ena amagwiritsa ntchito SACCO, ena nambala yachiwiri ya Mpamba kapena Airtel Money. Chachikulu n'choti ikhale kutali ndi chala chanu. Ndalama imeneyi si ya ukwati wa mnzanga, si ya nsapato za pa kaunjika. Ndi ya bandulo yophunzirira, ya buku, ya mayeso basi. Ngati gawo limodzi mwa magawo khumi likukulemerani, yambani ndi theka lake. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Koma musaisunge mpaka kalekale. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene ankasungira mayeso olipira m'madola kapena m'mapaundi anadzuka ndalama yake itachepa mphamvu usiku umodzi. Ikakwana ya chinthu chimodzi, lipirani, yambani. Luso lomwe lalowa m'mutu kugwa kwa kwacha sikulikhudza.

Ndipo sankhani chinthu chimodzi chokha. Werengani malonda a ntchito yomwe mukufuna kudzagwira zaka ziwiri zikubwerazi, muone chomwe akufuna koma inu mulibe. Kwa wa ku akaunti mwina ndi mayeso a ICAM. Kwa ine inali Excel, ndipo zambiri ndinaziphunzira pa YouTube, ola limodzi m'mawa anthu asanafike, pa intaneti ya pa ofesi nditapempha kaye chilolezo. Funsaninso a HR ngati kampani ili ndi thumba la maphunziro a antchito. Olemba ntchito kuno amalipira msonkho wa TEVET, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, choncho nkhani yophunzitsa antchito si yachilendo kwa iwo. Ambirife timangochita manyazi kufunsa.

Chovuta kwambiri chinali kumudzi. Ndinawaimbira amayi n'kuwauza ndalama yeniyeni yomwe ndizitumiza mwezi uliwonse, komanso tsiku lake. Anangoti zii kwa kanthawi, kenako anati, "Bola tizidziwa, tizikonzekera." Ndinkaopa kuti andiona ngati woumira, koma chomwe chinkawavuta iwo n'kusadziwa kuti mwezi uno kubwera kanthu kapena ayi. Pakagwa matenda kapena maliro ndiye nkhani ina, ndipo pa zimenezo ndili m'chipereganyu ndi anzanga anayi.

Sindinganame kuti tsopano zonse zili myaa. Mwezi wa January umandipwetekabe, ndipo kawiri ndinaigwira ndalama ya maphunziro ija n'kuibweza movutikira. Udindo uja sunabwerenso. Koma mnzanga uja atapita kutchuthi, abwana anafunsa amene angapange lipoti la mweziwo, ndipo ndinakweza mkono mtima usakugunda. Wa katapila uja ndinamaliza naye, tikakumana pa geti timangopatsana moni.

Malipiro a mwezi uno akalowa, musanagule bandulo, tsegulani payslip yanu muwerenge mizere ya zodulidwa. Kenako muonjezerepo mzere wanu.