Tcheni Chikaduka Tisanamizire Chikonzero cha Allah

Mwezi wathawu mayi a mwana wina wa m'kalasi langa kumadrasa anagwa pa njinga yamoto ya kabaza pobwerera kumsika. Tcheni chinavuka pamtsetse n'kukola pakati pa sipuloketi ndi chitsulo chogwira tayala, tayala lakumbuyo linauma nthawi yomweyo, ndipo mayiwo anathyoka mkono. Titapita kukawazonda tinapeza mnyamata wa kabazayo ali pakhonde, akubwereza mawu amodzimodzi kwa aliyense wolowa: "Zinalembedwa, a Shehe, palibe chomwe ndikanachita." Anthu ankagwedeza mitu movomereza. Ine sindinavomere.

Ndinapempha kuiona njingayo. Mano a sipuloketi yakumbuyo anali atasongoka ndi kupindika ngati mbedza. Tcheni chinali chouma, chofiirira ndi dzimbiri, ndipo pomwe chimalumikizana panali kawaya m'malo mwa kachitsulo kotsekera. Abale ndi alongo anga, zoterezi sizichitika usiku umodzi. Njingayo inakhala ikuchenjeza mwini wake kwa miyezi, ikulira khwekhwerere pamsewu wonse, iye akungokweza wailesi ya pafoni.

Timakhulupirira Qadar, ndipo palibe Msilamu angaikane. Koma ndi liti pamene chikhulupiriro chimenechi chinasanduka bulangete lofunditsa ulesi? Nkhani ya munthu wa ngamila uja tonse tinaiphunzira tili ana, ndipo tikudziwa kuti kuyadzamira mwa Allah kumayenda limodzi ndi chingwe. Moyo wa wokwera ndi amaanah m'manja mwa woyendetsa. Wonyalanyaza tcheni chakutha wanyalanyaza amaanah imeneyo.

Tcheni sichitanuka ngati mphira. Zomwe zimaperepeseka ndi timapini ta m'mfundo zake, makamaka fumbi la m'misewu yathu likasakanikirana ndi oyilo wakuda wotsala mu injini yemwe ambiri amapaka, n'kukhala ngati mchenga wokwechera mapoto. Onjezanipo matumba a makala kapena anthu atatu pampando umodzi. Tcheni chikatalika chimakwera pamwamba pa mano n'kuwadya. Tsono mankhwala omwe tazolowera ndi kupita kwa makaniko kukadulitsa mfundo ziwiri kuti chikungikenso. Kutero n'kubisa matenda basi. Enanso amagula tcheni chatsopano n'kuchikoleka pa masipuloketi akutha, ndipo sichichedwa kuonongeka. Tcheni ndi masipuloketi onse awiri zimasinthidwa pamodzi.

Ndikudziwa chomwe achinyamata andiyankhe: zipangizo zadula, ndipo mwini njinga amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, kaya kwagwa mvula kaya ayi. N'zoona, ndipo mlandu waukulu ndikuupereka kwa eni njingawo, ena mwa iwo timaima nawo mzere woyamba pa Swala. Mumawerenga ndalama tsiku ndi tsiku, a Haji, koma munagwadapo liti kuyang'ana tayala lakumbuyo la njinga yanu?

Komabe kuyang'ana sikulira ndalama, ndipo kumatenga nthawi yochepa kuposa wudhu. Imikani njinga pa sitandi yapakati, injini itazima. Kankhani tcheni ndi chala pakatikati: pa njinga zambiri zing'onozing'ono chimayenera kusewera masentimita 2 kapena 3, ndipo buku la njingayo limanena mlingo wake weniweni. Chikakungika kwambiri chimaononga mabeling'i ndipo chikhoza kuduka pabampu. Zungulitsani tayala pang'onopang'ono kuti muone mfundo zouma. Kokani tcheni kumbuyo kwa sipuloketi. Theka la dzino likaonekera, chatha. Kachitsulo kotsekera kaloze mbali yake yotsekeka komwe tcheni chikulowera. Gwedezani tayala uku ndi uku, onani nati ya ekiselo, ndipo timizere tosonyeza kukungika tifanane mbali zonse ziwiri.

Chitsulo chophimba tcheni, chomwe anyamata amachotsa ati chimasokosera, chibwezeretsedwe. Alongo athu amavala zovala zofika kumapazi, ifenso mikanjo, ndipo nsalu ikakodwa m'tcheni kapena m'masipoko imamugwetsa munthu chagada.

Masiku ano ndisanakwere kabaza ndimawerama n'kugwira tcheni. Anyamata a pasiteji amaseka, ati a Shehe asanduka makaniko. Lachisanu lapitali ndinakana njinga ziwiri n'kukwera yachitatu, ndipo ndinalowa mumzikiti khutba itayamba kale.