CHIPANGIZO CHOPHIMBA MASO: MBIRI YA OCULUS GO NDI NTCHITO YA M'KALASI

Ife amene tikhala m'chigwa chino cha Domasi, kumene kuli Malawi Institute of Education ndi Domasi College of Education, timamva kaŵirikaŵiri za zipangizo zatsopano zimene akuti zidzasintha kaphunzitsidwe, pakuti kuno ndi kumene nkhani za masilabasi ndi za uphunzitsi zimakambidwa. Chimodzi mwa zipangizo zotere ndi chija chovala kumaso, chimene munthu akachivala amaona ngati ali kumalo ena, pansi pa nyanja kapena pamwamba pa phiri, pamene iye ali chikhalire pampando. Pa Chingerezi luso limeneli amalitcha virtual reality. Inu amene mukuphunzira uphunzitsi, tsiku lina mlendo wokoma mtima adzafika pasukulu panu atanyamula chipangizo chotere, ndipo mphunzitsi wamkulu adzakufunsani maganizo anu. Nchifukwa chake tafuna kuti tione mbiri ya chimodzi cha izo, chotchedwa Oculus Go, poti mbiri yake njaifupi ndipo inatha kale, kotero tikhoza kuiona yonse kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Kampani ya Oculus inayamba mu 2012 ku America, ndipo mu 2014 kampani ya Facebook inaigula pa mtengo wa madola pafupifupi mabiliyoni aŵiri. Zipangizo zake zoyamba sizinkatha kugwira ntchito pazokha: china chinkafuna kulumikizidwa ndi chingwe ku kompyuta yamphamvu, china chinkafuna kuti uloŵetsemo foni ya Samsung. Oculus Go, imene inalengezedwa mu Okutobala 2017 ndi kuyamba kugulitsidwa pa 1 Meyi 2018, inali yoyamba ya kampaniyo kukhala ndi zonse m'kati mwake. Inapangidwa mothandizana ndi kampani ya Xiaomi ya ku China, ndipo mtengo wake unali madola 199 kwa yosunga zinthu zochepa, ya 32 GB, ndi madola 249 kwa ya 64 GB.

Tikaitsegula m'kati, tipeza kuti ndi foni chabe yovekedwa magalasi. Ubongo wake ndi Snapdragon 821 wa kampani ya Qualcomm, umene unali kale m'mafoni a 2016. Kutsogolo kwa maso kuli sikirini imodzi ya mainchesi 5.5, ya timadontho 2560 m'litali ndi 1440 m'lifupi, yogaŵidwa paŵiri kuti diso lililonse lione chithunzi chakechake. Zithunzi ziŵirizo zimasiyana pang'ono, ndipo ubongo wa munthu ukaziphatikiza umaganiza kuti ukuona kuya ndi kutalika. Pakati pa sikirini ndi maso pali magalasi aŵiri okulitsa. Mawu amatulukira m'mbali, pafupi ndi makutu, ndipo m'dzanja munthu amagwira kachipangizo kakang'ono kolozera. Chonsecho chimalemera magalamu 468, pafupifupi theka la paketi ya shuga, ndipo batire lake limatha pakapita maola aŵiri kapena aŵiri ndi theka.

Pali chinthu chimodzi m'kapangidwe kake chimene mphunzitsi ayenera kuchimvetsa bwino. Oculus Go imazindikira mutu ukatembenuka kumanzere kapena kumanja, ukayang'ana kumwamba kapena pansi, ndiponso ukapendekeka. Koma siizindikira munthu akayenda. Mwana akaona njovu patsogolo pake nafuna kuiyandikira, akasuntha phazi, njovu ndi dziko lonse zimasuntha naye limodzi. Ali ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo ndi chingwe chachifupi, yongotembenuza khosi. Tsono ife timakuphunzitsani tsiku ndi tsiku kuti mwana amaphunzira pogwira, poyandikira, pozunguliza chinthu ndi kuchiona kumbuyo kwake. Chipangizo chimene chimalola mwana kupenya kokha nchapafupi ndi kanema kuposa ndi ulendo weniweni, ngakhale chimuzungulire mbali zonse.

Ndipo mawu akuti "chogwira ntchito pachokha" asatinyenge. Kuti Oculus Go iyambe ntchito tsiku loyamba, pankafunika foni yamakono, intaneti, ndi kulembetsa dzina ku kampani. Zoonera ndi maseŵero ambiri ankachokera kusitolo ya kampaniyo ya pa intaneti. Chipangizo chinali m'manja mwa wogula, koma kiyi inatsala ku California.

Zotsatira zake sizinachedwe. Mu Meyi 2019 kampani yomweyo inatulutsa Oculus Quest, imene imazindikira munthu akayenda. Mu Juni 2020 inalengeza kuti Oculus Go ileka kugulitsidwa chakacho chisanathe, ndipo mu Disembala chaka chomwecho sitolo yake inaleka kulandira mapulogalamu atsopano. Kuchokera pa kubadwa kufikira pa kuikidwa pambali panapita zaka ziŵiri zokha, nthaŵi yosakwanira kuti mwana achoke mu Sitandade 1 ndi kufika mu Sitandade 4. Sitikunena kuti chinali chipangizo chachabe. Sitolo zazikulu za Walmart ku America zinagula zokwana 17,000 mu 2018 zophunzitsira antchito awo. Ndiponso tiyenera kuyamikira kuti mu Okutobala 2021, chifukwa cha kulimbikira kwa katswiri wawo John Carmack, kampaniyo inatulutsa njira yomasulira chipangizochi kuti mwini wake aikemo zimene afuna. Komatu kumasulako kumafuna mmisiri wa kompyuta, osati mphunzitsi wa ku Malosa amene ali ndi makope zana oti achonge usiku. Zoterezi zinachitikanso ndi Google Expeditions, pulogalamu imene inayamba mu 2015 yotengera ana asukulu ku maulendo oyerekezera, ndipo inatsekedwa mu Juni 2021. Aphunzitsi amene anamanga maphunziro awo pamenepo anayenera kuyambanso.

Tiyeni tsopano tiloŵe nacho m'kalasi lathu, tichite samu. Tiyerekeze kuti muli ndi ana 80, monga mmene ambiri a inu mudzapezere, ndipo mwapatsidwa chipangizo chimodzi. Mwana aliyense akachivala mphindi zisanu, zonse pamodzi ndi mphindi 400, ndiye kuti maola asanu ndi limodzi ndi mphindi 40, osaŵerengera nthaŵi yovula, yopukuta thukuta ndi yokonza lamba. Batire lidzatha katatu ntchito isanathe, ndipo nthaŵi iliyonse lidzafuna maola angapo pamagetsi, ngati magetsiwo alipo. Nanga ana 79 otsalawo akhala akuchita chiyani? Chovuta choposa nchakuti inu simuona chimene mwanayo akuona. Pabolodi mukhoza kuloza ndi ndodo, ana onse nkuyang'ana pamodzi, wina nkufunsa, mnzake nkumuyankha. Koma mwana wophimbidwa maso wachoka m'kalasi ngakhale thupi lake lili pomwepo, ndipo mukamufunsa kuti waona chiyani adzangoti, "Zokongola, aphunzitsi." Tisaiŵalenso kuti opanga ake analemba okha kuti ana osakwana zaka 13 asachivale, ndipo ameneŵa ndiwo ambiri a ana a kupulayimale.

Wina adzati ife ndife okalamba oopa zatsopano. Iyayi. Wailesi inaloŵa m'makalasi athu ndi pulogalamu ya Tikwere, ndipo inathandiza chifukwa wailesi imodzi imalankhula kwa ana onse nthaŵi imodzi. Matabuleti ophunzitsa kuŵerenga ndi masamu m'Chicheŵa, otchajidwa ndi sola, ayesedwa m'sukulu za m'dziko lino kwa zaka zoposa khumi, ndipo anapangidwira mwana wathu m'chilankhulo chake. Timavomerezanso kuti pali zinthu zimene mwana wa ku Domasi sangazione ndi maso: dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo palibe mphunzitsi angatengere ana ake m'kati mwa mtima wa munthu kuti aone magazi akuyenda. Pa zoterezo, kwa ana a kusekondale, chipangizo chobwereka kwa tsiku limodzi chikhoza kusiya chithunzi chimene choko sichingajambule. Chimene tikukana ndi kuika maziko a phunziro pa chinthu chimene moyo wake umalamulidwa ndi anthu osadziŵa kuti sukulu yanu iliko.

Maganizo athu tsono ndi aŵa. Mlendo uja akafika, mumulandire mwaulemu, koma mumufunse kuti chipangizocho chidzagwirabe ntchito kodi kampani yake ikachisiya, kuti batire likafa lidzagulidwa kuti, ndi kuti muli chiyani m'kati mwake chogwirizana ndi silabasi yathu. Akalephera kuyankha, dziŵani kuti posachedwa chidzagona m'kabati ya mu ofesi pamodzi ndi zina zimene zinachitsogolera.

Pakali pano phunziro la mitsinje ndi kukokoloka kwa nthaka likudikira pakhomo pathu. Mtsinje wa Domasi umatsika kuchokera kumapiri a Zomba ndi Malosa kupita kunyanja ya Chilwa, nyanja yopanda potulukira imene inauma mu 1995. Njira ya TALULAR, imene Malawi Institute of Education inaifalitsa, imatiuza kugwiritsa ntchito zopezeka pafupi. Choncho tengani ana onse 80 kupita kumtsinjeko mvula itagwa, atunge madzi m'mabotolo oonekera, awaike pazenera la kalasi, ndipo m'maŵa mwake ayeze ndi rula matope amene akhazikika pansi.