NKHATA ZA MALUWA PAZOKHA SIZIKWANIRA

Chaka ndi chaka, pa 7 Ogasiti, anthu a mumzinda wa Nairobi m'dziko la Kenya amasonkhana pamphambano ya misewu ya Moi Avenue ndi Haile Selassie Avenue. Amabwera ndi nkhata za maluwa, amayatsa makandulo, ndipo atsogoleri a zipembedzo amatsogolera mapemphero. Ena mwa osonkhanawo amayenda ndi ndodo zoyera za akhungu, ena amachita kukankhidwa panjinga za opuwala. Mwambo umenewu ngwoyenera, ndipo ife tikuuyamikira. Komabe pali mbali ina ya nkhaniyi imene tifuna kuti awerengi athu, makamaka aphunzitsi ndi achinyamata amene angotsiriza sukulu, ailingalire mofatsa.

Pamalo pamenepa ndi pamene panali ofesi ya kazembe wa dziko la America. Lachisanu pa 7 Ogasiti 1998, cha m'ma hafu pasiti teni m'mawa, zigawenga za gulu la al-Qaeda zinafika kuseri kwa nyumbayo ndi lole yodzaza mabomba. Alonda atakana kutsegula chipata, zigawengazo zinaponya kabomba kakang'ono. Anthu a m'maofesi oyandikana ndi malowo, pakumva phokosolo, anathamangira kumazenera kuti aone chimene chachitika. Nthawi yomweyo bomba lalikulu linaphulika, ndipo magalasi anawalasa kumaso. Ichi ndicho chifukwa chake ambiri mwa opulumuka anachita khungu.

Anthu 213 anafa tsiku limenelo ku Nairobi, ndipo oposa 4,000 anavulala. Mwa akufawo, Aamerika anali 12 okha. Unyinji unali wa Akenya wamba, monga makalaliki, oyenda pansi ndi okwera basi. Nyumba yosanja yotchedwa Ufundi House, m'mene munali sukulu yophunzitsa ntchito ya usekeletale, inagweratu ndi kukwirira ophunzira pamodzi ndi antchito. Pa nthawi yomweyo bomba lina linaphulika pa ofesi ya kazembe wa America ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, ndi kupha anthu 11.

Ofesi ya kazembe inasamukira ku Gigiri, kunja kwa chimake cha mzinda, ndipo pabwinjapo anakonzapo munda wa chikumbutso umene unatsegulidwa mu 2001. M'mundamo muli khoma limene analembapo maina a anthu amene anafa. Nzeru imeneyi ndi yabwino, pakuti chiwerengero sichiliritsa munthu, koma dzina ndilo limaliritsa. Mwana amene atate ake anamusiya ali kumsana angathe kufika pakhomalo, naloza dzina lao ndi chala.

Tsono vuto lili pa amoyo. Aliyense adziwa kuti amene amanga chiliza chokongola koma naiwala ana amasiye sanalemekeze malemuwo. Mu 2020 boma la Sudan, limene linasunga Osama bin Laden kuyambira 1991 mpaka 1996, linavomera kupereka madola 335 miliyoni ngati chipepeso pa ziwembu zingapo, kuphatikizapo za 1998. Ndalamazo zinalunjika kwa nzika za America ndi kwa anthu amene ankagwira ntchito m'maofesi a kazembe. Akenya wamba amene bomba linawapeza mumsewu kapena m'nyumba zoyandikana sanawerengedwe nao. Pokwana zaka 25 mu 2023, opulumukawo anali akadadandaulabe, kotero kuti nyumba ya Senate ya ku Kenya inakhazikitsa komiti yoona za nkhani yao. Kodi diso la kalaliki wa mu Ufundi House lisiyana bwanji ndi diso la kalaliki wa kwa kazembe? Bomba silinafunse munthu kumene amalandira malipiro ake.

Ife tikuti tsiku la chikumbutso likhale tsiku lowerengera malonjezo. Akuluakulu a maboma onse awiri akabwera kudzaika nkhata, anenenso poyera zimene achita m'chakacho pa mankhwala a ovulala ndi pa chisamaliro cha amasiye. Zikapanda kutero, mwambowo udzasanduka wa zithunzi ndi malankhulidwe okoma, maluwa nkufota mawa lake, odwala nkubwerera kwao chimanjamanja.

Mbali yachiwiri ikhudza aphunzitsi. Ana onse amene ali pasukulu lero anabadwa chiwembuchi chitachitika kale. Iwo ayenera kuphunzitsidwa kuti uchigawenga sunathere pamenepo: mu 2013 gulu la al-Shabaab linapha anthu 67 pa sitolo zazikulu za Westgate ku Nairobi komweko, ndipo mu 2015 linapha anthu 148 pa koleji ya Garissa, ambiri mwa iwo ophunzira. Ayeneranso kuuzidwa kuti mwa akufa a 1998 munali Akhristu ndi Asilamu omwe. Mphunzitsi amene afotokoza mbiriyi mosamala amatchinjiriza ana ku chidani cha chipembedzo, chimene ndi mbewu yomwe zigawenga zimafuna kufesa.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tiwalire akufa a ku Nairobi ndi ulemu wonse, koma tisatope kufunsa za amoyo mpaka chilungamo chitawafika.