Agogo athu a Keyala

November akafika timaona anthu a m'tauni atabaya kaduwa kofiira pachifuwa, ndipo pa wailesi timamva za nkhata zamaluwa zoikidwa pa chipilala cha ku Zomba ndi cha ku Area 18 ku Lilongwe. Ndi mwezi wokumbukira asilikali a nkhondo ziwiri zikuluzikulu zapadziko lonse. Ana athu a Pathfinder mukawafunsa za msilikali wa nkhondo yachiwiri, amathamangira kutchula Desmond Doss, m'bale wathu wa ku America amene anakana kugwira mfuti koma napulumutsa anzake 75 ku Okinawa mu 1945. Nzabwino ndithu. Koma kuno ku Kapichira tinali ndi agogo athuathu amene anapita ku nkhondo yomweyo, ndipo ndi iwo amene tikufuna tiwakumbukire mwezi uno. Dzina tilisunga, poti akubanja sakonda kutchuka.

Chaka chobadwa sankachidziwa. Ankangoti analembedwa m'gulu la King's African Rifles, lija makolo ankaliti Keyala, ndevu zisanamere bwino. Perete anaphunzirira ku Zomba, kenako sitima yapamadzi inawanyamula ku Mombasa kupita ku Ceylon, ndipo mu 1944 anafika ku Burma. Chaka chimenecho asilikali akuda anatsika chigwa cha Kabaw mvula ili pakati, kukankhira asilikali a Japan ku mtsinje wa Chindwin. Za kuwomberana agogo sankakamba kawirikawiri. Ankakamba za matope, misundu ndi malungo, ndiponso za kapiritsi kachikasu kowawa kotchedwa mepacrine, kamene aliyense ankameza tsiku ndi tsiku sajeni akuyang'ana. Ankaseka kuti iwo, mwana wa m'madambo a Shire, ankadziyesa katswiri wa udzudzu, koma wa ku Burma unawachititsa manyazi.

Mwambo wa kapiritsi kaja sunawachoke. Akalandira mankhwala kuchipatala ankamaliza onse, osasiyira panjira chifukwa thupi lapepuka. Neti ankagonamo ngakhale m'kutentha kwa October, pamene ambirife timaikankhira kumbali, kapena kukatchingira mbewu kudimba. Fodya, amene anamuphunzira kunkhondo, anamusiya ana akadali aang'ono.

Atabwerako anakwatira, ndipo mwana woyamba anabadwa m'chaka cha njala ya 1949. Analima thonje ndi mapira, naphunzitsa ana ndi ndalama za thonjelo. Anamwalira zaka zingapo zapitazo atapitirira zaka 90, ataona zidzukulutudzi.

Pamaliro anthu ankatifunsa, poti ndife a zaumoyo, kuti kodi agogowa ankadya chiyani. Yankho lake ndi losavuta: nsima yamapira, khobwe, nkhwani, therere, phala lamalambe, ndipo khasu sanalitaye msanga. Koma ife amene tinkayendera khomo lija tikudziwa kuti chakudya chokha sichikanawafikitsa kumeneko.

Agogo anabwera ndi nkhondo m'mutu. Usiku wina ankadzidzimuka akukuwa, thukuta lili kamukamu, akuitana maina a anthu amene m'mudzi simunali. Mvula yamabingu ikamagwa ankakhala tsonga mpaka kucha. Agogo aakazi anaphunzira okha kuti munthu wotere samugwedeza kapena kumukalipira: ankayatsa nyali, kuwatchula dzina modekha, kuwauza kuti ali kwawo. Anachita zimenezi zaka zambirimbiri popanda kuulutsa pachitsime. Masiku ano madokotala amati ndi matenda a m'maganizo obwera munthu akaona zoopsa kwambiri, ndipo thandizo lake lilipo. Si asilikali okha amene amadwala chonchi. Alipo pakati pathu amene sagona mvula ikayamba, chichokereni namondwe wa Ana mu 2022, amene anaononga ngakhale damu lamagetsi la pano pa Kapichira, ndi Freddy mu 2023.

Agogo aakazi atatisiya, mutu wa agogo unayamba kuiwala. Kawiri anapezeka m'bandakucha ataima panjira, atavala chipewa chokha ndi kabudula, akuti akudikira galimoto ya asilikali. Abale ndi alongo, tonse tikudziwa chimene chimanenedwa m'midzi mwathu nkhalamba ikapezeka panja usiku. Okalamba ambiri m'dziko muno amenyedwa, ena kuphedwa kumene, powanamizira ufiti, chonsecho vuto lawo ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba. Banja ili silinadikire kuti mphekesera ziyambe. Ana anapita kwa amfumu ndi kwa anansi kukafotokoza kuti bambo awo akudwala, ndi kupempha kuti wowaona panjira awagwire dzanja n'kuwabweza. Mdzukulu wina wamwamuna anasamutsira mphasa yake pakhomo la chipinda chawo.

Zina zinali zazing'ono, zosaoneka. Mano atatha, apongozi awo ankasinja khobwe ndi kufewetsa nsima m'malo mongonena kuti agogo sakufuna kudya. Okalamba samva ludzu msanga ngati achinyamata, ndipo kutentha kwa m'chigwa muno kungathe kuwafooketsa mwakachetechete. Choncho kapu yamadzi inkaperekedwa m'manja kangapo patsiku, osadikira kuti apemphe. Atagona osadzukanso, ankawatembenuza pakapita maola awiri aliwonse kuopa zilonda zapamsana, ndipo amayi a Dorika ankabwera kudzalandira apongoziwo kuti nawonso apumeko. Munthu wodwazika naye amatopa, ngakhale sanena.

Mendulo zawo zili m'kachitini ka tiyi kwa mwana wawo wamkazi. Mdzukulu uja anawajambula mawu pafoni tsiku lina mutu uli bwino, akuwerenga masiteshoni a ulendo wawo kuyambira ku Zomba mpaka ku Chindwin, osaphonya ndi amodzi omwe. Akuti adzawamvetsera ana a Pathfinder Sabata lachiwiri la mwezi uno, masana.